Wailesi Yopanda Mlongoti ndi Nchito Yofuna Nyimbo Zatsopano

M'caka ca 1949, m'masitolo a m'dziko lino, limene pa nthawiyo linali kuchedwa Northern Rhodesia, munafika kawailesi kakang'ono kozungulira ngati poto. Kampani ya Ever Ready ya ku Britain ndiyo inakapanga, ndipo Azungu anakacha Saucepan Special. Mtengo wace unali mapaundi 5, ndi batire lace masheleni 25. Ndalamazo zinali zambiri kwa munthu wogwira nchito pa mgodi, komabe anthu zikwizikwi anasunga makobiri ao mwezi ndi mwezi kufikira atagula. Madzulo banja lonse pamodzi ndi anansi linali kukhala pabwalo kumvera mau ocokera ku Lusaka, kumene boma linayamba kuulutsa mau m'caka ca 1941. Nyumba ya wailesiyo, yochedwa Central African Broadcasting Station, inali kulankhula m'Cinyanja, Cibemba, Citonga, Cilozi, Cishona, Cindebele ndi Cingelezi kwa anthu a m'maiko atatu. Munthu akafuna kuti amuimbire nyimbo yace ya pamtima, anali kulemba kalata ku pologalamu ya Zimene Mwatifunsa, nadikira.

Masiku ano zinthu zinasintha. Mnyamata kapena mtsikana wa ku Chamboli, ku Matero kapena ku Kapata angathe kutsegula nyumba ya wailesi yaceyace m'cipinda cimene agonamo, ndipo amalume ace a ku Johannesburg kapena ku Manchester angamumve bwinobwino. Wailesi yotere ichedwa wailesi ya pa intaneti. Kuiyamba nkosavuta, koma kuisunga yamoyo ndiko kumene kugonjetsa ambiri, ndipo ena atayirapo ndalama zimene anazipeza movutika. Nkhani ino ilongosola m'mene wailesiyi iyendera, ndalama zimene idya, ndi nchito yaikulu ya mwini wace, ndiyo kufuna nyimbo zimene anthu sanazimvepo.

M'mene Mau Ayendera

Wailesi ya masiku onse ili ndi makina amphamvu ndi mlongoti wautali. Makinawo aponya mau mumlengalenga, ndipo aliyense wokhala m'dera limene mafundewo afika angathe kuwatola. Omvera akhale khumi, akhale miliyoni, makinawo adya magetsi cimodzimodzi. Koma mafunde a mumlengalenga ngowerengeka, ndipo ndico cifukwa cace boma licita kuwagawa. M'Zambia bungwe la IBA ndilo lipereka cilolezo ca nyumba za wailesi, ndipo bungwe la ZICTA liyang'anira mafundewo. Kwa zaka zambiri wailesi inali ya boma lokha. Radio Phoenix, wailesi yoyamba ya malonda yosakhala ya boma, inatsegulidwa mu Lusaka m'caka ca 1996.

Wailesi ya pa intaneti ilibe mlongoti. Muulutsi alankhula pa maikolofoni yolumikizidwa ku kompyuta. Kompyutayo isandutsa mau ndi nyimbo kukhala manambala, niwapanikiza kuti acepe, niwatumiza ku kompyuta ina yaikulu yochedwa seva, imene siizimitsidwa usana ndi usiku. Sevayo ingakhale mu Lusaka kapena ku Germany, womvera sadziwa kusiyana kwace. Foni ya womvera ikapempha, seva imtsegulira njira yaceyace, monga momwe thanki ya madzi ya m'komboni itumizira madzi ku nyumba iliyonse ndi paipi yaceyace. Foni iyamba yasunga mau a masekondi angapo isanawatulutse, kuti intaneti ikadodoma pang'ono nyimbo isaduke. Ici ndico cifukwa cace womvera mpira pa intaneti amva kuti cigoli calowa mnansi wace wa wailesi ya FM atafuula kale.

Nzeruyi si ya dzulo ai. Bambo Carl Malamud a ku America anayamba kutumiza nkhani zolankhulidwa pa intaneti m'caka ca 1993. Mu November 1994 wailesi ya ana a sukulu yochedwa WXYC, ya pa yunivesite ya ku Chapel Hill, inayamba kumveka pa intaneti. Caka comweco ZAMNET, yobadwira pa University of Zambia, inalumikiza dziko lino ku intaneti. Ca kumapeto kwa 1998 inatuluka pologalamu ya kompyuta yochedwa SHOUTcast, ndipo posacedwa inatsatira ina yaulere yochedwa Icecast. Kuyambira pamenepo munthu wamba anatha kuulutsa mau ali m'nyumba mwace.

Ndalama Zimene Idya

Zofunika poyamba nzocepa: kompyuta, maikolofoni, zomvera za m'makutu, intaneti yosadukaduka, ndi malo pa seva, amene alipiridwa mwezi ndi mwezi. Pologalamu yosanganizira nyimbo monga Mixxx ipezeka kwaulere. Koma popeza womvera aliyense ali ndi paipi yaceyace, kuculuka kwa omvera kuculukitsanso mtengo, ndipo apa mpamene pafunika masamu.

Kukula kwa paipiyo kuyesedwa ndi makilobiti pa sekondi. Mau oyenda pa makilobiti 128 amveka bwino kwambiri, koma adya mamegabaiti pafupifupi 58 pa ola limodzi. Pa makilobiti 64 adya theka lace, ndiwo mamegabaiti 29. Tsono munthu womvera maola awiri tsiku lililonse kwa masiku 30 adzatha magigabaiti 3 ndi theka pa paipi yaikulu ija, koma pa yaing'ono adzatha osakwana awiri. Data imeneyi agula ndi womvera mwini, kucotsa pa ndalama za ndiwo. Mwini wailesi amene omvera ace ndi anthu a m'makomboni acita bwino kutsegula paipi yaing'ono, cifukwa nyimbo yomveka bwino koposa ilibe phindu ngati anthu aopa kuitsegula.

Ku mbali ya seva masamu ali otere: omvera 100 okhala ola limodzi pa makilobiti 64 akoka pafupifupi magigabaiti 3. Cifukwa ca ici eni maseva ambiri aika malire a omvera amene angalowe pa nthawi imodzi, ndipo wofuna malire okulirapo alipira zambiri. Munthu wanzeru ayamba ndi malo ocepa, naonjezera pamene omvera aonjezeka.

Njala ya Nyimbo

Pali masamu ena amene oyamba kumene sawaganizira. Nyimbo ya mphindi 4 ikaimbidwa motsatana ndi zinzace, pa ola limodzi papita nyimbo 15, pa usana ndi usiku 360, ndipo pa sabata 2,520. Munthu amene ayesa kuti ali ndi nyimbo zambiri m'foni mwace apeza kuti pa tsiku lacitatu wayamba kale kubwereza. Ndiponso ngati aimba zokhazo zimene zimveka m'mabasi ndi m'mabala, palibe cifukwa coti wina atayire data yace pa iye, pakuti nyimbozo azimva kwaulere pa FM. Cuma ca wailesi yaing'ono ndico khutu la mwini wace, ndi khama lace pofuna zimene ena sanazipeze.

Nchitoyi inalipo kale. Bambo Alick Nkhata, amene anabadwa m'caka ca 1922 namwalira m'caka ca 1978, atabwera ku nkhondo yaciwiri ya dziko lonse anagwira nchito ndi Bambo Hugh Tracey, munthu amene anayenda maiko ambiri a mu Africa ndi makina ojambulira mau. Pambuyo pace a Nkhata analowa nchito pa wailesi ya ku Lusaka. Anthu a wailesiyo sanali kukhala m'ofesi kudikira oimba ai. Anali kupita ndi galimoto ku midzi ndi ku migodi kukajambula nyimbo za ng'oma, za kalimba ndi za gitala, ndipo a Nkhata eni anali kutenga nyimbo za makolo naziika pa gitala kuti zikomere anthu a m'tauni. M'caka ca 1952 a Tracey anapeza mnyamata woimba gitala, Jean Bosco Mwenda, mu mzinda wa Jadotville ku Congo, umene lero uchedwa Likasi. Anajambula nyimbo yace ya Masanga, ndipo inamveka kufikira maiko a kutali. M'caka ca 1954 a Tracey anakhazikitsa nkhokwe ya nyimbo yochedwa International Library of African Music, imene lero ili pa Rhodes University ku South Africa. M'nkhokwemo muli nyimbo zojambulidwa ku Migodi, ku Malawi ndi ku maiko ena, zimene adzukulu ambiri a oimbawo sanazimvepo.

Phunziro la Zamrock

Nyimbo yatsopano si yokhayo imene inatuluka dzulo. Kwa womvera, nyimbo iliyonse imene sanaimvepo njatsopano, ngakhale ikhale ndi zaka 50. Mbiri ya Zamrock ionetsa zimenezi poyera.

M'zaka za m'ma 1970 anyamata a ku Migodi ndi a mu Lusaka anasanganiza kuliza gitala kwa magetsi kwa maiko a kunja ndi mayimbidwe a kwao. Panali gulu la WITCH, limene woimba wace wamkulu anali Bambo Emmanuel Jagari Chanda a ku Kitwe. Panali Amanaz, amene anatulutsa mbale ya galamafoni yochedwa Africa m'caka ca 1975. Panalinso Ngozi Family ya Bambo Paul Ngozi, ndi Musi-O-Tunya ya Bambo Rikki Ililonga ndi anzao. Mbale zambiri zinali kupangidwa ku Ndola, kumene kunali kampani ya Teal ndi Zambia Music Parlour ya Bambo Edward Khuzwayo. Pulezidenti Kaunda analamula kuti nyimbo zoculuka koposa za pa wailesi zikhale za m'Zambia, ndipo lamuloli linapatsa oimbawo msika. Koma mtengo wa kopa utagwa, anthu anasowa ndalama zogulira mbale ndi zolowera m'maholo. Matenda a AIDS anatenga oimba ambiri. A Paul Ngozi anamwalira m'caka ca 1989, ndipo a Jagari anafikira pokumba miyala ya mtengo wapatali kuti adyetse banja. Mbale zinatsala m'makatoni ndi pansi pa mabedi, zina zinasweka, zina zinatayidwa.

Amene anadzazifunafuna mwakhama anali anthu a kunja. Kampani ya Now-Again ya ku Los Angeles, ya Bambo Eothen Alapatt, inatulutsanso nyimbo za a Ililonga m'caka ca 2010, za WITCH m'caka ca 2012, ndi za magulu osiyanasiyana m'caka ca 2017 pa dzina la Welcome to Zamrock. M'caka ca 2019 Bambo Gio Arlotta a ku Italy anatulutsa kanema wa mbiri ya WITCH. Gululo linaukanso, linayenda ku Ulaya ndi ku America, ndipo m'caka ca 2023 linatulutsa nyimbo zatsopano pa dzina la Zango. M'caka ca 2024 woimba wochuka wa ku America, Tyler, the Creator, anatenga cigawo ca nyimbo ya Ngozi Family yochedwa Nizakupanga Ngozi naciika m'nyimbo yace ya Noid. Motero acinyamata ena a m'Zambia anamva mau a Paul Ngozi koyamba kudzera mwa mlendo. Alendowo ayenera kuyamikidwa, koma funso litsala kwa eni dziko: kodi ndi nyimbo zingati za kalindula, za makwaya ndi za magulu ang'onoang'ono a m'makomboni zimene zikali m'makaseti ocita nkhungu, zosowa munthu wozifuna?

Makina Osankha ndi Khutu la Munthu

Wina anganene kuti nchito yofuna nyimbo inatha, popeza makampani monga Spotify, imene inafika m'Zambia m'caka ca 2021, ndi Boomplay ali ndi makina osankhira anthu nyimbo. Makinawo ayang'ana zimene munthu anamvera kale, ndi zimene akonda anthu ena ofanana naye, nampatsa zofanana nazo. Nzoona kuti athandiza. Koma makina sangasankhe nyimbo imene siinaikidwe pa intaneti, ndipo nyimbo imene ili ndi omvera ocepa siionekera kawirikawiri. M'zaka za 2023 ndi 2024 owerengera anapeza kuti nyimbo monga 100,000 zinali kuikidwa pa makampani otere tsiku lililonse. Kuyambira m'caka ca 2024 Spotify siilipira kanthu pa nyimbo imene siinamvedwe ka 1,000 m'miyezi 12. Woimba wa ku Mufulira amene wajambula nyimbo yace yoyamba amira m'nyanja imeneyi ngati palibe munthu womutola.

Mawailesi a pa intaneti amene anakula ndi amene anadalira anthu. NTS inayambidwa ndi Bambo Femi Adeyemi m'caka ca 2011, m'kanyumba kakang'ono ku Hackney mu London. Njira yace inali kupatsa nthawi anthu ambiri okonda nyimbo, aliyense aimbe zimene azidziwa bwino, ndipo lero imveka m'maiko ambiri.

Tsono wofuna nyimbo apite kuti? Pa intaneti pali Bandcamp, kumene oimba agulitsa okha nyimbo zao. Palinso Radio Garden, yoyambidwa ku Netherlands m'caka ca 2016, imene ionetsa dziko lonse ngati mpira wokhala ndi timadontho tobiriwira, ndipo munthu akakhudza kadontho amva wailesi ya mzinda umenewo, kaya Dakar, kaya Recife. Koma nkhokwe yaikulu ili pafupi. Ili m'tizipinda tojambulira nyimbo ta m'makomboni, m'machalichi pamene makwaya aphunzira Loweruka, m'maukwati, ndi pa miyambo monga Nc'wala ku Mtenguleni mu February ndi Kulamba ku Mkaika mu August. Ilinso m'manja mwa nkhalamba zimene zinapuma nchito pa mgodi, zimene zisunga mbale ndi makaseti ndipo zikumbukira dzina la woimba aliyense. Akuluakulu anati safunsa anadya phula, ndipo wofuna nyimbo ayenera kukhala munthu wofunsa.

Pa miyambo ndi m'machalichi munthu asajambule mobisa. Ayambe wapempha kwa eni ace, pakuti pali nyimbo zina, monga za ku dambwe ndi za ku cinamwali, zimene eni safuna kuti zimveke pa bwalo lililonse.

Akapeza nyimbo, aimvere kangapo pa masiku osiyana asanaiweruze, cifukwa nyimbo zina zikoma msanga nizitha msanga, pamene zina zilowa pang'onopang'ono. Akhale ndi buku lolembamo dzina la nyimbo, woipeka, woiimba, malo ndi caka. Poulutsa, aike nyimbo yacilendo pakati pa ziwiri zodziwika, nanenepo mau awiri atatu za mwini wace. Womvera alandira mlendo msanga ngati wina wamuuza kumene acokera.

Lamulo ndi Thukuta la Woimba

Kugula nyimbo kupatsa munthu ufulu woimvera, osati woiulutsa kwa anthu. M'Zambia lamulo la Copyright and Performance Rights Act la m'caka ca 1994 liteteza eni nyimbo, ndipo bungwe la ZAMCOPS ndilo lisonkhanitsa malipiro kwa oulutsa niliwagawira opeka nyimbo. Ku Malawi nchito yotere igwiridwa ndi COSOMA. Munthu asanatsegule wailesi yace apite ku ZAMCOPS ndi ku IBA akafunse zimene lamulo lifuna kwa iye, pakuti kucepa kwa wailesi sikucotsa mlandu. Asungenso ndandanda ya nyimbo zonse zimene waimba, cifukwa popanda ndandanda yotere ndalama sizingafike kwa woimba wamng'ono. Ngati woimba wabwera yekha ndi nyimbo yace, alemberane kalata ya cilolezo, ngakhale yaifupi.

Pali yesero lina, ndilo kulandira ndalama mseri kwa woimba kuti nyimbo yace iimbidwe kawirikawiri. Ku America mcitidwe umenewu unaululika m'caka ca 1959, ndipo muulutsi wochuka Alan Freed anacotsedwa nchito. Kuipa kwace nkwakuti woimba wosauka koma waluso atsekeredwa kunja, ndipo omvera akazindikira kuti khutu la muulutsi linagulidwa, sakhulupiriranso cimene asankha.

Kuisunga Yamoyo

Cinthu coyamba ndico kusunga nthawi. Munthu wogwira nchito ya mashifiti sangalankhule pa wailesi usana ndi usiku, ndipo nkosafunika. Maola awiri Lacisanu lililonse madzulo, osaphonya, aposa maola khumi a tsiku losadziwika. Nthawi zina zonse seva ingathe kuimba yokha nyimbo zimene mwini anaikamo kale.

Caciwiri ndi magetsi. M'caka ca 2024 cilala cinacepetsa madzi a ku Kariba, ndipo m'matauni magetsi anali kuzima maola ambiri pa tsiku. Wailesi imene nyimbo zace zili pa seva ya kutali ipitiriza kuimba ngakhale m'nyumba mwa mwini muli mdima, koma kuti alankhule pa nthawi yace afunika batire kapena sola.

Cacitatu ndi anthu. Mutu umodzi susenza denga. Wina adziwa kalindula, wina nyimbo za Mulungu, wina za acinyamata, wina asamala makina ndi ndalama. Anthu anai otere akagawana sabata, wailesi siima cifukwa mmodzi wadwala kapena wapita ku maliro.

Cacinai ndi ndalama. SomaFM ya ku San Francisco, imene inayamba m'caka ca 2000, iyenda ndi zopereka za omvera ace. Kuno nako omvera angapereke pang'ono kudzera pa foni, ndipo eni masitolo a m'dera angalipire kuti malonda ao anenedwe. Koma zimenezi zibwera mocedwa. Wofuna kuyamba awerenge mtengo wa seva, wa data ndi wa cilolezo wa miyezi isanu ndi umodzi, ndipo ayambe pokhapo ataona kuti angaulipire m'thumba mwace popanda kulanda ana cakudya kapena ndalama za sukulu.

Seva ionetsa ciwerengero ca omvera mphindi iliyonse, ndipo m'masabata oyamba ciwerengeroco cingakhale 3 kapena 7. Ambiri agwa mphwayi pamenepa. Koma mwa anthu asanu ndi awiriwo mungakhale mwana wa woimba amene anamwalira kale, wakumva mau a atate ace koyamba, kapena munthu wa ku dziko lina wofuna gulu loti akaliitane. Cotero mwini wailesi aziyankha uthenga uliwonse, azichula maina a opempha nyimbo monga anali kucitira a Zimene Mwatifunsa, ndipo sabata iliyonse azibweretsa nyimbo ngakhale zisanu zimene omvera ace sakanazipeza kwina, pamodzi ndi maina a eni ace.